Kwa akuluakulu a boma la Zomba: wozunzidwa akadandaule kwa yani, wonamiziridwa amuyeretse ndani?

Kwa a Bwanamkubwa, akuluakulu a polisi, akuluakulu a Yunivesite ya Malawi ndi makoleji onse a muno, oyang'anira maphunziro, ahedi, eni makampani, mafumu, abusa ndi mashehe,

Ndakupatsani moni nonse. Ndine mayi wa konkuno, ndinagwira choko mpaka kupuma pantchito, ndipo zina mwa zaka zimenezo ndinali mu komiti yosungitsa mwambo. Chandilembetsa kalatayi ndi mkangano womwe wakula m'maminibasi, m'maofesi ndi m'magulu a WhatsApp. Ena akuti amayi ndi atsikana atopa ndi kugwiridwagwiridwa, kufunsiridwa mokakamiza ndi mabwana, ndi kuuzidwa kuti malikisi kapena ntchito apeza akayamba avula. Ena akuti masiku ano mwamuna ali pamoto, mkazi akangomuloza chala basi zake zada, ngakhale kuti akungomusemera chinyau. Anthu akukangana ngati kuti tiyenera kusankhapo mmodzi woti timumvere chisoni. Ine ndikuti awiriwa chikuwapweteka n'chimodzi, ndipo chili m'manja mwanu. M'malo ambiri omwe mukuyang'anira mulibe njira yodalirika yoti dandaulo lilandiridwe, lifufuzidwe msanga ndi mwachinsinsi, mbali zonse zimvedwe, ndipo chigamulo chidziwike.

Zimene ndikupempha si zachilendo. M'chaka cha 2013 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la Gender Equality Act. Gawo 6 limati kuzunza munthu pa nkhani zokhudza kugonana, kaya ndi mawu, kaya ndi manja, kaya ndi zizindikiro, ndi mlandu, ndipo chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 komanso zaka 5 kundende. Ambiri amathera pomwepo. Koma lomwe likukhudza inu ndi gawo 7. Limafuna kuti malo a ntchito akhale ndi ndondomeko yolandirira madandaulo, kuti woyang'anira asazengereze ndipo asunge chinsinsi, komanso kuti pakhale munthu wosankhidwa, yemwe si bwana wa wodandaulayo, woti munthu akhoza kukamuuza zakukhosi. Ndipo pa mzere umodzi womwewo limauza woyang'anira kuti ateteze ogwira ntchito kuti asabwezeredwe chifukwa chodandaula, komanso kuti asanamiziridwe. Opanga lamuloli anaona mbali zonse ziwiri. Papita zaka zoposa 10 tsopano. Imitsani mphunzitsi wongoyamba kumene ntchito kapena mwana wa Fomu 2 paliponse pakati pa Thondwe ndi Malosa, mumufunse kuti munthu wosankhidwa uja pamalo pano ndi ndani. Ndikukayika ngati angakutchulireni dzina.

Ife a ku Zomba nkhaniyi sitinaimvere kunja. M'chaka cha 1995 aphunzitsi anayi achizimayi a pa Chancellor College, mmodzi mwa iwo mayi Isabel Apawo Phiri, anatulutsa kafukufuku wa kugwiriridwa ndi kuzunzidwa kwa ophunzira aakazi pakolejipo. Zotsatira zitamveka, ophunzira ena anakwiya kuti mbiri yawo yaipitsidwa, ndipo anakaukira nyumba ya mayi Phiri n'kuwaopseza. Pasanapite nthawi yaitali mayiwo anakagwira ntchito kunja kwa dziko. Apa n'kuti kudakali zaka 11 kuti Tarana Burke ayambe kugwiritsa ntchito mawu oti Me Too, omwe ozunzidwa amanena poulula kuti nawonso zinawachitikira, ku America m'chaka cha 2006, ndi zaka 22 kuti mawuwo afalikire dziko lonse mu Okutobala 2017, nkhani za Harvey Weinstein, wopanga mafilimu wa ku America yemwe ankazunza amayi, zitaululika. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi pamsewu chifukwa chovala mathalauza, ngati kuti lamulo la kavalidwe la 1973 lija, lomwe linkaletsa amayi kuvala mathalauza, lidakalipo, ndipo amayi anasonkhana ku Blantyre kukana khalidweli, pamodzi ndi mayi Joyce Banda omwe anali wachiwiri kwa pulezidenti. Mu Okutobala 2019 kunachitika za ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu, pomwe apolisi anagwiririra ndi kuzunza amayi ndi atsikana. Zinatengera bungwe la Malawi Human Rights Commission kufufuza ndi bungwe la Women Lawyers Association kupita kukhoti kuti mu Ogasiti 2020 khoti lalikulu ligamule zoti amayi ndi atsikana 18 alandire chipukuta misozi. Mu Malichi 2021 bungwe lomwelo la za ufulu wa anthu linatulutsa lipoti la kuzunzidwa kwa amayi ogwira ntchito ku MBC.

Amene amati magulu omenyera ufulu wa amayi angobwera kudzasokoneza mabanja ndi maofesi awerengenso mndandanda umenewu. Mayi wa ku Malawi sathamangira pamsewu kapena pa Facebook. Amayamba wapirira, kenako amanong'oneza mnzake, kenako amayesa kuuza wamkulu wa pamalopo. Phokoso limabwera zonsezi zitakanika. Ofesi ya National Statistical Office, yomwe likulu lake lili konkuno ku Zomba, inapeza mu kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana, ndipo mwa amayi omwe anachitiridwapo nkhanza, pafupifupi theka sanauzepo munthu aliyense. Vuto lathu lalikulu ndi kukhala chete kumeneku.

Chimene chimawatseka pakamwa ndinachiona ndi maso pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo. Mtsikana wa Fomu 3 anaima pakhomo la kalasi anzake onse atatuluka, akupotokola m'mphepete mwa juzi yake, n'kunena chapansipansi kuti, "Madamu, ndimafuna ndikuuzeni zinazake, koma musauze munthu." Mphunzitsi wina ankamutuma kukasiya makope kunyumba kwake sitade ikatha. Ulendo woyamba anamugwira paphewa, ulendo wina anatseka chitseko. Mauthenga omwe ankamutumizira pa foni ya azakhali ake mwanayo anawafufuta yekha poopa kuti akawaona kunyumba amukwapula. Nkhani itafika ku komiti, mwanayo anamuimika pamaso pa akuluakulu okhaokha, mmodzi mwa iwo mnzake wa kumowa wa woganiziridwayo. Anamufunsa chomwe anavala. Anamufunsa chifukwa chake anapitanso kachiwiri ngati koyamba sanakondwe, ngati kuti mwana wa zaka 16 angakane kutumidwa ndi mphunzitsi wake. Pofika nthawi yoweruka sukulu yonse inali itadziwa. Mphunzitsiyo anali yekhayo wophunzitsa masamu m'makalasi a mayeso, ndipo anali ndi abale m'maofesi. Paja khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anangomusamutsira ku sukulu ina, ati kuti zinthu zizizire. Mtsikana uja anzake anayamba kumutchula hule, ndipo temu yotsatira sanabwerenso. Atsikana ena onse a pasukulupo anaona, ndipo anaphunzirapo kuti wodandaula ndiye amachoka.

Tsopano ndinene mbali inayo, ndipo anzanga omenyera ufulu wa amayi andimvetse. Kunamizira kulipo, ndipo kumapha munthu akuyenda. Pa sukulu inanso, mphunzitsi wachinyamata analanda mafoni kwa anyamata ena omwe ankaonera mayeso. Patangopita masiku ochepa, m'bokosi la maganizo munapezeka kalata yopanda dzina yonena kuti iye akugona ndi mwana wa sukulu. Kalatayo isanafike n'komwe ku komiti, chithunzi chake chinali chitazungulira kale pa gulu la WhatsApp la makolo. Anamuimitsa ntchito, n'kumuiwala. Mtsikana wotchulidwa m'kalatayo palibe anamufunsa mwaulemu kwa nthawi yaitali, ndipo atamufunsa anati sakudziwa kanthu, nayenso akuvutika ndi kulozedwa zala. Pambuyo pake zinadziwika kuti analemba ndi anyamata a mafoni aja. Mphunzitsiyo anamuitana mu ofesi n'kumupatsa envulopu yomuyeretsa. Ndinamuona akuipinda panayi n'kuiika m'thumba la malaya, chifukwa panalibe woti amuonetse. Pa asembule sipananenedwe kanthu. Pa gulu la makolo lija palibe analembapo kuti tinalakwitsa. Kutchalitchi anali atamuchotsa kale pophunzitsa ana a Sande sukulu, ndipo mkazi wake, yemwe ankagulitsa mandasi pageti, makasitomala anamuthawa. Anthu ankangoti utsi sufuka popanda moto. Nayenso anapempha kusamuka.

Akuluakulu, taonani chomwe ndondomeko yanu inabala. Wolakwa uja ndi wosalakwayu onse anafika pa sukulu zatsopano atanyamula kalata yofanana ya transifa. Ahedi owalandira sakanatha kusiyanitsa kuti woopsa kwa ana ndi uti, wopwetekedwa ndi uti. Wina anapatsidwa atsikana atsopano oti aziwatuma makope. Winayo anapita ndi banga lomwe palibe anamuchotsa.

Ife a kumwera kuno tikudziwa bwino zomwe mphekesera imachita ikasowa woifufuza. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, nthawi yomweyo yomwe dziko linkakamba za #MeToo, mphekesera ya anamapopa inayambira ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu popanda wowafunsa mbali yawo. Agogo athu akuphedwabe chifukwa chowaganizira ufiti. Choncho mwamuna akanena kuti akuopa kunamiziridwa, sindimuseka. Ku California mnyamata wina wosewera mpira, Brian Banks, anakhala m'ndende zaka zoposa 5 pa mlandu wogwiririra, ndipo khoti linamuyeretsa m'chaka cha 2012 womuneneza atavomera kuti ananama. Zaka zimenezo palibe anamubwezera.

Koma mantha amenewa tiwayeze pa sikelo yoona. Ku England ndi Wales, ofesi yozenga milandu inawerenga milandu ya miyezi 17 ya m'zaka za 2011 ndi 2012. Inapeza milandu 5,651 yogwiririra yomwe inazengedwa, pomwe ya anthu onamizira anzawo kugwiririra inali 35. N'zoona kuti si onse onama omwe amagwidwa, monganso si onse ogwiririra omwe amafika kukhoti. Komabe kusiyana kwake n'kwakukulu kwambiri moti munthu woona mtima sanganene kuti mavuto awiriwa ndi olingana kukula. Chimene chimandipweteka n'chakuti mawu oti "nanga akamunamizira?" nthawi zambiri amatuluka mkamwa mwa bwana asanamve n'komwe dandaulo. Amakhala chotsekera chitseko. Ndipo bwana yemweyo, tsiku lomwe wantchito wake wanamiziridwadi, simumuona akuima pagulu kumuyeretsa.

Pali chisokonezo chimodzi chomwe ndikupempha kuti muchichotse m'makomiti anu onse. Dandaulo lomwe lasowa umboni si bodza. Zinthu zimenezi zimachitika chitseko chili chotseka, popanda mboni, ndipo mwana wamantha amafufuta mauthenga monga ndanenera. Kufufuza kukhoza kuthera patatu: zapezeka kuti zinachitika, kapena umboni sunakwane, kapena zapezeka kuti munthu anapeka dala. Woyenera chilango ndi wachitatu yekhayu, ndipo lamulo latsopano silikufunika, chifukwa kunamiza apolisi ndi kunama m'khoti ndi milandu kale. Mukayamba kulanga aliyense yemwe umboni wake sunakwane, palibenso adzabwere kudzadandaula. Mukalekereranso wopeka dala, mwapha wosalakwa ndipo mwapereka chida kwa ozunza enieni, omwe azidzati onse odandaula ndi abodza ngati uja. Kumvetsera mayi modekha, kulemba mawu ake, kumuteteza kuti asabwezeredwe, zimenezi si kugamula mlandu. Gawo 42 la Malamulo Oyendetsera Dziko limati woimbidwa mlandu ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa, ndipo gawo 43 limati maofesi a boma azichita zinthu mwachilungamo ndi kupereka zifukwa zake polemba. Zonsezi zikhoza kuyendera limodzi mu ofesi imodzi, bola mwini ofesiyo afune.

Ndiye chonde, pa sukulu, pa koleji, pa chipatala, pa kampani ndi pa ofesi iliyonse, dzina la wolandira madandaulo lipachikidwe pa bolodi pomwe aliyense angalione, ndipo akhale awiri, mayi ndi bambo, chifukwa anyamata nawo amazunzidwa ndipo manyazi awo ndi aakulu koposa. Malo okambirana asakhale ofesi yoyang'anizana ndi khonde lomwe aliyense amaona wolowa ndi wotuluka. Mnzake, m'bale wake kapena bwana wa woganiziridwa asakhale mu komiti. Woganiziridwayo auzidwe polemba chomwe akumuneneza, apatsidwe nthawi yoyankha, abwere ndi womuperekeza ngati akufuna. Muike malire a masiku oti nkhani ithe, chifukwa kuchedwa ndiko kumapha onse awiri: wodandaula amakumanabe ndi womuzunza tsiku ndi tsiku, woganiziridwa amakhala pakhomo anthu akumuloza. Woulutsa chinsinsi cha komiti alangidwe ngati wolakwa wina aliyense. Ndipo munthu akapezeka wosalakwa, mumuyeretse pamalo pomwepo pomwe dzina lake linadetsedwa, mokweza ngati mmene linadetsedwera. Akapezeka wolakwa, transifa si chilango. Fayilo yake ipite kupolisi ndi kwa omulemba ntchito.

Kwa inu a yunivesite ku Chirunga, a koleji ya ku Domasi ndi makoleji ena ndili ndi mawu apadera, chifukwa mphamvu ya lekichala pa wophunzira ndi yaikulu kuposa ya bwana pa wantchito. Mwana amene makolo ake anagulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga kuti apeze fizi amaopa sapu (kulembanso mayeso omwe walephera) ndi kuwidedwa (kuchotsedwa pakoleji chifukwa cholephera) kuposa china chilichonse. Wophunzira akadandaula, mapepala ake a mayeso achongedwe ndi munthu wina kuyambira tsiku lomwelo. Izi zikuteteza wophunzirayo kuti asabwezeredwe, zikutetezanso lekichala wosalakwa kuti asadzanenedwe kuti anamulepheretsa dala. Ndondomeko zolembedwa bwino zikhoza kukhalapo m'mafayilo, koma muyeso wake ndi wakuti wophunzira wa chaka choyamba yemwe akuchita lendi ku Chikanda akudziwa koti apite usiku zinthu zikamuchitikira, ndipo akukhulupirira kuti mawa lake dzina lake silikhala pa WhatsApp. Chaka chilichonse tulutsani chiwerengero cha madandaulo omwe munalandira, omwe anatha, ndi mmene anathera, popanda mayina. Sukulu yomwe imanena kuti kuno kulibe dandaulo ngakhale limodzi ndi yomwe ine ndimaiopa kwambiri.

A Bwanamkubwa ndi mafumu, amayi ambiri a boma lino alibe ofesi, alibe komiti, alibe bolodi. Ndi ogulitsa tomato mumsika wa Zomba ndi ku Songani, atsikana odutsa pa depoti oitanira akuwakoka mikono ndi kuwanenera zolaula, antchito apakhomo a ku Mulunguzi ndi ku Matawale omwe akadandaula amangothamangitsidwa opanda malipiro, amayi ogula matemba ku Kachulu pa nyanja ya Chilwa omwe nsomba zikasowa amauzidwa mtengo wina wosakhala wa ndalama. Makomiti a misika, a madoko ndi a maminibasi amatolera ndalama tsiku lililonse ndipo amadziwa munthu aliyense pamalo pawo. Akhoza kupatsidwanso udindo umenewu. Mafumu, nkhani yogwiririra mwana si yokambirana pachiweniweni n'kuthera pa mbuzi kapena nkhuku. Abusa ndi mashehe, mtsogoleri wa mpingo akanenezedwa musathamangire kuteteza dzina la mpingo, komanso musamudule munthu musanamumve.

Kwa apolisi: nthambi ya Victim Support ndi chipinda cha One Stop Centre pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi zinthu zabwino, ndipo anthu ambiri sadziwa kuti wogwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti alandire mankhwala omuteteza ku HIV. Lengezani zimenezi mpaka zilowe m'makutu, pamodzi ndi manambala aulere a 116 ndi 5600 omwe bungwe la YONECO la konkuno limayankha. Wodandaula asauzidwe kuti apeze ndalama ya mafuta a galimoto kuti mlandu wake uyende. Fayilo isasowe. Ndipo fufuzani musanatsekere, chifukwa munthu wokhala pa rimandi miyezi yambiri ku ndende ya Zomba pa mlandu womwe sanapalamule amatuluka ntchito itatha, banja litapasuka. Kufufuza kwabwino ndiko kumagwira wolakwa, ndiponso ndiko kumamasula wosalakwa. Amene amajambula nkhope ya munthu n'kuifalitsa pa intaneti kuti ndi chidyamakanda mlandu usanafufuzidwe, ndi amene amafalitsa dzina ndi zithunzi za mtsikana wodandaula kuti amuchititse manyazi, onsewa lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act likhoza kuwafikira. Koma musaligwiritse ntchito poopseza mayi amene walankhula poyera atagogoda kwa inu n'kusowa womuyankha.

Pa 25 Novembala tidzayambanso masiku 16 olimbana ndi nkhanza. Kudzakhala matisheti, bandi ya polisi ndi zolankhula, ndipo zimenezo sindikuzinyoza. Pempho langa n'lakuti lisanafike tsikulo, a Bwanamkubwa aitanitse kwa mkulu wa sukulu, koleji, chipatala ndi ofesi iliyonse ya boma m'boma lino mayina a anthu awiri olandira madandaulo, masiku omwe nkhani imatenga kuti ithe, ndi chiwerengero cha nkhani zomwe zidakali m'madirowa. Mayankhowo adzawerengedwe pa msonkhano wa khonsolo, ndipo omwe sanayankhe adzatchulidwe.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chinamwali, Zomba